Midzi ya manambala ya ku Punjab

Munthu wa m'dera la Faisalabad ku Pakistan ukamufunsa kwawo, kawirikawiri satchula phiri, mtsinje kapena mfumu. Amatchula nambala. Mudzi wina wotchuka kumeneko ndi Chak 105 GB. Chak ndi mudzi, 105 ndi malo ake pa mndandanda wa boma, ndipo GB ndi Gogera Branch, nthambi ya ngalande imene imamwetsa minda ya m'mudzimo. Eni ake amautcha Banga, koma m'mabuku a boma mudziwo unabadwa ngati nambala. Ilipo midzi yotere yambirimbiri, ndipo uliwonse ukuchitira umboni nkhani imene otamanda ulimi wa ku Punjab sakonda kuikhudza: chuma cha dera limeneli chinamangidwa pa madzi amene chitseko chake chili m'manja mwa boma, ndipo mlimi sanachigwirepo chitsekocho.

Dzina lakuti Punjab limatanthauza madzi asanu, kunena mitsinje ya Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Azungu asanafike, dera limeneli silinali lakufa ayi. Ranjit Singh analanda mzinda wa Lahore mu 1799 n'kumanga ufumu wa Asikh umene unali ndi asilikali oopedwa, Amritsar unali msika waukulu wa nsalu zochokera ku Kashmir, ndipo ngalande ya Hasli, yokumbidwa m'nthawi ya mfumu Shah Jahan, inkatengera madzi ku minda ya maluwa ya Shalimar. Mlimi wamba ankathirira ndi chitsime: ng'ombe ziwiri zikuzungulira, gudumu likukweza timiphika todzaza madzi, mwana ali pambuyo ndi kamkwapulo. Munda unali waung'ono, koma chitsimecho chinali cha banja kapena cha abale ochepa ogwirizana. Kumadzulo, pakati pa mitsinje, kunali zipululu za tchire kumene anthu oweta ng'ombe, njati ndi ngamira ankayendayenda ndi ziweto zawo.

Ranjit Singh anamwalira mu 1839, ndipo patangotha zaka khumi Angerezi anali atameza ufumu wonse. Zipululu zija anazilemba kuti ndi malo a boma opanda mwini, eni ake n'kuwapatsa dzina lonyoza lakuti Jangli, anthu a kutchire. Kuyambira mu 1885 anayamba kukumba ngalande zikuluzikulu ndi kutsegula madera atsopano a ulimi, amene anafika asanu ndi anayi. Lalikulu linali la Chenab, limene linatsegulidwa mu 1892. Dziko analidula m'mabokosi ofanana ngati bolodi la drafuti, ndipo pakati pake anamanga tauni ya Lyallpur, potengera dzina la bwanamkubwa James Lyall. Ndiyo Faisalabad ya lero, kumene misewu isanu ndi itatu ya misika imakumana pa nsanja ya wotchi.

Kunena zoona, ntchitoyo inali yogometsa. Pamalo pamene pankamera minga panayamba kutuluka tirigu ndi thonje zodzaza sitima mpaka kudoko la Karachi. Wokana zimenezi akungokana dala. Koma funso lofunika ndi lakuti mindayo anapatsa yani, ndipo pofuna chiyani.

Sanapatse aliyense wovutika. Anasankha alimi a m'maboma odzaza anthu a pakati pa Punjab, monga Amritsar, Jalandhar ndi Ludhiana, makamaka a mtundu wa Jat, kuphatikizapo asilikali opuma ndi mabanja a eni malo amene anakhulupirika kwa Angerezi. M'dera la Jhelum, mozungulira Sargodha, ambiri analandira munda pa pangano loti aziweta kavalo wamkazi wobereka ana a gulu la nkhondo. Kavaloyo akawonda, mlimi ankayankha mlandu. Munda unali malipiro a kumvera, ndipo Punjab inasanduka nkhokwe ya asilikali a ufumu wa Britain. Ngakhale kuno anafika: mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali achisikh ku dziko limene linadzatchedwa Nyasaland, ndipo anamenya nawo nkhondo zolimbana ndi Makanjira kunyanja ndiponso Mlozi ku Karonga mu 1895.

Lamulo la malo la mu 1900 ndilo linakhomera msomali. Pofuna kuteteza alimi kwa obwereketsa ndalama za katapila, boma linagawa anthu m'magulu awiri: mitundu ya alimi ndi mitundu imene si ya alimi. Wa gulu lachiwiri sankaloledwa kugula munda kwa wa gulu loyamba. Wakatapila anatsekeredwadi panja, koma pamodzi naye anatsekeredwanso aganyu a mitundu yonyozedwa, amene manja awo ndiwo ankakolola tirigu yense uja. Chilonda chimenechi sichinapole. Ku Punjab ya ku India, anthu otchedwa Dalit ndi pafupifupi 32 pa 100 alionse malinga ndi kalembera wa 2011, koma minda imene ali nayo ndi kachigawo kochepetsetsa.

Nawonso opatsidwa minda sanali pa ufulu weniweni. Madzi a ngalande amagawidwa mwa dongosolo lotchedwa warabandi, limene likugwirabe ntchito mpaka lero: mlimi aliyense ali ndi nthawi yake pa sabata, yoyezedwa molingana ndi kukula kwa munda wake. Nthawiyo ikagwera pakati pa usiku, amadzuka pakati pa usiku pomwepo, nyali kumanzere, fosholo kumanja, n'kukagumula kakhoma ka dothi kuti madzi alowe mundime mwake, mnzake wotsatira ataimirira pambali kuwerenga mphindi. Sathirira chifukwa chakuti mbewu zafota. Amathirira chifukwa ndandanda yatero. Ndipo wa kumapeto kwa ngalande amalandira zotsalira.

Mu 1907 boma litafuna kuwonjezera malamulo okhwima pa alimi a m'maderawa ndi kukweza mtengo wa madzi, anthu anadzuka. Mmodzi mwa atsogoleri anali Ajit Singh, ndipo mfuu yawo inali youza mlimi kuti agwiritse nduwira yake, kutanthauza ulemu wake. Boma linam'thamangitsira ku Mandalay, ku Burma, pamodzi ndi mtsogoleri mnzake Lala Lajpat Rai, komabe bwanamkubwa wa India, Lord Minto, anakana kusaina lamulolo poopa kuti mkwiyo ungalowe m'gulu la asilikali. Chaka chomwecho, m'mudzi uja wa Chak 105 GB munabadwa mwana wa mchimwene wake wa Ajit Singh, dzina lake Bhagat Singh, womenyera ufulu amene Angerezi anadzamunyonga mu 1931.

Mu 1947 mzere wa Cyril Radcliffe, wogawa India ndi Pakistan, unadula Punjab pakati. Anthu mamiliyoni anathawa, Asilamu kulowera kumadzulo, Asikh ndi Ahindu kum'mawa, ndipo ophedwa anali osawerengeka. Zidzukulu za alimi amene anapita ku Lyallpur zinabwerera pa ngolo kumaboma amene agogo awo anachokera. Mzerewo unadulanso ngalande: zitseko za madzi za ku Madhopur ndi ku Ferozepur zinagwera ku India pamene minda yambiri yomwa madziwo inali ku Pakistan. Pa 1 Epulo 1948 India inatseka madzi kwa milungu ingapo. Zinatenga zaka zambiri zokambirana, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ili pakati, kuti mu 1960 atsogoleri a maiko awiriwa, Jawaharlal Nehru ndi Ayub Khan, asaine pangano logawana mitsinje: Ravi, Beas ndi Sutlej kwa India, Indus, Jhelum ndi Chenab kwa Pakistan.

Pali amene amanena kuti ufulu unathetsa zonsezi, ndipo amaloza zokolola za m'ma 1960, pamene mbewu za tirigu za Norman Borlaug zochokera ku Mexico, feteleza, damu la Bhakra ndi akatswiri a sukulu ya ulimi ya ku Ludhiana zinachotsa India pa mzere wopempha chakudya. Zokololazo n'zoona. Koma pangano lakale lija la boma ndi mlimi linangosintha malaya. Boma la ku Delhi linkafuna tirigu ndi mpunga, ndiye linalonjeza kugula pa mtengo wokhazikika. Mlimi wa ku Punjab, amene chakudya chake chapamtima m'nyengo yozizira ndi mkate wa ufa wa chimanga ndi ndiwo za mpiru, anayamba kudzala mpunga m'dera la mvula yochepa. Madzi a ngalande atachepa anakumba zitsime za pampu, zimene tsopano zaposa miliyoni imodzi, ndipo kuyambira mu 1997 boma la chigawocho linayamba kupereka magetsi aulere opopera madzi. Chaka ndi chaka madzi a pansi akuthawira kutali, mlimi n'kumatenga ngongole yozamitsira chitsime.

Mu 2009 boma la chigawocho linakhazikitsa lamulo loletsa kuwokera mpunga tsiku loikika lisanakwane, kuti madzi a pansi apumeko. Mpunga ukachedwa kucha, pamatsala masiku ochepa kuti tirigu alowe m'nthaka, choncho alimi amatentha ziputu, utsi n'kukaphimba Delhi, anthu a m'tauni n'kumatukwana mlimi yemweyo amene anawadyetsa. Si zodabwitsa kuti mu 2020, boma la ku Delhi litakhudza malamulo a misika ya zokolola, alimi a ku Punjab anakwera mathirakitala n'kukamanga misasa ku Singhu ndi ku Tikri, m'malire a Delhi, kwa chaka chathunthu mpaka malamulowo anachotsedwa mu Novembala 2021. Ambiri a iwo ankakumbukira poyera za Ajit Singh ndi 1907.

Kutsidya la Pakistan, minda yambiri ya m'madera a ngalande inawonongeka ndi mchere komanso madzi odikha pansi, ndipo mabanja a eni malo akuluakulu akadali ndi mawu amphamvu pa ndale. Mu Epulo 2025, zigawenga zitapha alendo ku Pahalgam ku Kashmir, India inalengeza kuti yaimitsa pangano la 1960 lija. Madzi a ku Chak 105 GB amachokera mumtsinje wa Chenab, ndipo Chenab asanalowe m'Pakistan amayamba wadutsa m'madamu a ku Jammu ndi Kashmir, mbali ya India.