Dzina la kampani ya ena pa webusaiti yanu: kuligula n'kosavuta, kulisunga ndiye nkhani

Malonda a mu Lusaka akusamukira pa intaneti. Anyamata ogulitsa mafoni mu Katondo Street, ogulitsa masipeya a galimoto ndi azimayi a zovala ku Kamwala, ambiri manje safuna kukhalira pa WhatsApp na Facebook cabe. Afuna webusaiti yao-yao. Ndipo posankha domain, ija keyala ya pa intaneti yothera ndi .com kapena .co.zm, nzeru imene ikufala ndi yakuti: ikamo dzina la kampani yochuka kuti anthu akupeze msanga pa Google. Wa mafoni aganiza za dzina monga samsungphoneslusaka.com, wa masipeya aganiza za toyotasparesZambia.com.

Ine ndiona kuti nzeru imeneyi ili ndi mtengo wobisika, ndipo olipira ni amalonda ang'ono.

Coyamba kudziwa ndi cakuti kampani yogulitsa domain sifufuza ngati dzinalo lili ndi mwini. Ngati palibe amene analitenga kale, mulipira ndipo m'mphindi zocepa lakhala m'manja mwanu. Koma risiti imeneyo si umboni wakuti dzina ndi lanu. Pa fomu ija timangodinapo osawerenga, mumalonjeza kuti dzinalo siliphwanya ufulu wa munthu wina, ndipo ngati ndi .com, .net kapena .org mumavomeranso kuweruzidwa ndi malamulo ochedwa UDRP.

Malamulowa anakhazikitsidwa mu 1999 ndi bungwe la ICANN, loyang'anira maina a pa intaneti. Milandu yambiri imapita ku ofesi ya WIPO ku Geneva, imene mu 2023 inalandira milandu yopitirira 6,000. Wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti domain yanu ifanana ndi trademark yake mwakuti anthu angasokonezeke, kuti inu mulibe cifukwa comveka cogwiritsira nchito dzinalo, ndi kuti munalilembetsa ndi kuligwiritsa nchito ndi colinga coipa. Zonse zicitika pa makalata, palibe kukwera ndeke. Mupatsidwa masiku 20 kuti muyankhe, ndipo mukakhala cete mlandu upitirira popanda inu. Wodandaula alipira madola 1,500 kuti woweruza mmodzi aone nkhaniyo. Kwa ise ni ndalama maningi, koma kwa kampani yogulitsa katundu dziko lonse lapansi ni cenji cabe.

Mukaluza, simulipira faindi. Domain ingocotsedwa m'manja mwanu, kawirikawiri m'miyezi iwiri cabe. Ena angati, kaili ndagula ina, vuto ili kuti? Vuto ndi zonse zimene munamanga pa dzinalo: imelo imene makasitomala adziwa, zikwangwani, makadi a bizinesi, ndalama za malonda a pa Facebook, ndi malo anu pa Google amene munavutikira zaka. Kumanga pa dzina la wina kuli ngati kumanga nyumba pa puloti yopanda mapepala. Tsiku mwini akabwera, njerwa zanu sizikulankhulirani.

Coopsa kwambiri ndi kuganiza kuti kampani ikabwera mudzaigulitsa dzinalo pa mtengo wokwera. Mlandu woyamba wa UDRP, umene unagamulidwa mu January 2000, unali wa munthu amene analembetsa worldwrestlingfederation.com, n'kulembera eni ace kuti aligule pa madola 1,000. Kalata yakeyo ndiyo inakhala umboni womutsutsa, dzina linapita. Ku America zinthu n'zowawa koposa, cifukwa lamulo lao la 1999 lilola khoti kulipiritsa kuyambira madola 1,000 mpaka 100,000 pa domain imodzi. Mu 2008 kampani ya Verizon inawina madola opitirira 33 miliyoni kwa kampani ina imene inalembetsa maina 663 ofanana ndi ake.

Nanga amene agulitsadi katundu weniweni wa kampaniyo? Apa ndi pamene amalonda athu ayenera kuchera khutu. Mu 2001, pa mlandu wa Oki Data, woweruza wa WIPO anaika mfundo zinai zimene zikutsatiridwa mpaka lero. Muyenera kukhala kuti mukugulitsadi katunduyo. Pa webusaitiyo muzigulitsa wa kampani imeneyo yekha. Munene poyera ubale wanu ndi kampaniyo, kuti munthu asaganize kuti ndinu eni ace. Ndipo musasese maina onse ofanana nalo. Manje taonani mmene timacitira bizinesi kuno: shopu imodzi ili na Samsung, Tecno, Itel na Huawei pa shelefu imodzi. Ngati domain ili ndi dzina la kampani imodzi koma mkati muli mafoni a mitundu yonse, mwagwa kale pa mfundo yaciwiri.

Pali cisokonezo cina cimene ndimamva kawirikawiri: "Ine ndinalembetsa ku PACRA, so ndili bwino." Kulembetsa dzina la bizinesi ndi nkhani ina, kulembetsa trademark ndi nkhani ina, ngakhale zonse zicitikira ku PACRA. Domain ndi nkhani yacitatu, ndipo maina a .zm ali m'manja mwa ZICTA. Pepala limodzi silikupatsani zonse zitatu. Kuthawira ku .co.zm sikuthetsa vuto, cifukwa mwini trademark angakutengereni ku khoti konkuno, kumene kuli maloya olipira ndi ciletso ca khoti cimene cingaimitse malonda. Milandu ya maina ofanana si yacilendo mu Zambia: mkangano wa sopo wa Geisha ndi Geza, pakati pa Unilever ndi Trade Kings, unafika mpaka ku Supreme Court. Ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ma trademark, lolowa m'malo mwa lakale la m'nthawi ya atsamunda.

Sindikunena kuti kampani yaikulu imawina nthawi zonse. Ku America, wamalonda Uzi Nissan analembetsa nissan.com mu 1994 cifukwa limenelo linali dzina la banja lake. Kampani ya magalimoto inamusumira mu 1999, koma dzina silinacoke m'manja mwake. Kungoti mlanduwo unatenga zaka zambiri ndi ndalama zambiri. Ndani pa Town Centre angapirire zotere?

Komanso tisaiwale kuti makampani salonda maina ao cifukwa ca nsanje cabe. M'tauni ino tonse tinalandirapo uthenga wa akathyali onamizira kukhala a mobile money kapena a banki. Domain yofanana ndi dzina lodziwika ndi cida cimene mbala zikonda, ndiye makampani akaona dzina lao pa keyala yacilendo sayamba afunsa ngati mwini wake ndi munthu wabwino.

Maganizo anga ndi awa. Musanalipire domain, fufuzani ku PACRA ngati dzinalo lili ndi mwini. WIPO nayo ili ndi Global Brand Database yofufuziramo mwaulere. Sankhani dzina lanu-lanu, lonena malo anu kapena nchito yanu, ndipo maina a katundu amene mugulitsa muwalembe mkati mwa webusaiti. Ngati mufunadi dzina la kampani mu domain, pezani cilolezo colembedwa. Onetsetsani kuti domain yalembetsedwa m'dzina lanu, osati la mnyamata amene anakupangirani webusaiti. Kalata ya maloya ikabwera, musaiponye m'dirowa ndipo musathamangire kuchula mtengo. Onanani ndi loya coyamba.

Dzina lobwereka lingakubweretsereni makasitomala mwezi uno. Koma dzina lanu likakula, ndinu amene mudzakhala ndi mphamvu youza ena kuti alisiye.