Lumo Sanolera pa Mwala wa Nkhwangwa

Kuno ku Mtunthama mwezi wokonza zigafa za fodya ukafika, pakhomo lililonse pamamveka kulira kwa chitsulo pa mwala. Abambo amanola nkhwangwa ndi zikwanje, amayi mipeni. Koma achinyamata ambiri amayesa kuti kunola nkumodzi, chotero atapatsidwa lumo la agogo ao akhoza kuliwononga tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi nkhwangwa. Ntchito yake ndiyo kulimbana ndi mtengo, tsono kukamwa kwake kuyenera kutsala kochindikala. Wonola amayamba ndi tupa ngati yagumuka, namalizira pa mwala wokhakhala wothira madzi. Nkhwangwa yopyapyala kukamwa imakondweretsa poiyesa ndi chala, koma ikakumana ndi muŵanga imabenthuka. Khasu nalo limafuna tupa basi, pakuti dothi limalibunthitsa msanga.

Mpeni uli pakati. Pounola timatukula msana wake pang'ono kuchoka pa mwala, ndipo dzanja lisagwedezeke. Mbali ziŵirizo zikakumana zimapanga ngodya ya madigiri 30 kufikira 40. Tikamva kamlomo kachitsulo kopindikira mbali inayo, ndiye kuti mwala wafika kunsonga. Titembenuze mpeniwo, kenaka tichotse kamlomoko mopepuza dzanja.

Lumo lopinda, longa aja osulidwa ku Sheffield ndi ku Solingen, lili ndi mwambo wakewake. Osula analikumba m'mbali zonse ziŵiri nasiya msana wochindikala, kuti msanawo ukhale muyeso. Chifukwa chake lumo siliŵeramitsidwa ngati mpeni. Limagona chafufumimba pa mwala, msana ndi kukamwa zonse zikukhudza, ndipo ngodya yake, pafupifupi madigiri 16, imadzisunga yokha. Mwala ukhale wosalala ndi wathyathyathya. Kukamwa kumatsogola, popanda kukanikiza, ndipo potembenuza timagubuduza pa msana. Wofulumira akumbuke kuti kuthamanga si kufika.

Mwala ukatha pamabwera chikopa. Apa ulendo umatembenuka: msana ndiwo umatsogola, pakuti kukamwa kukatsogola kumacheka chikopacho. Chikopa sichidya chitsulo monga mwala. Chimangowongola ndi kusalaza nsonga yopyapyalayo. Nchifukwa chake mmeti amapita ku chikopa nthaŵi zonse asanamete, koma ku mwala kamodzikamodzi. Lumo lotere likadula chingwe chomangira fodya, ntchito yonse yapita pachabe. Likatha kumeta liumitsidwe, chifukwa dzimbiri limayambira kunsonga.

Luso limeneli linayamba kuchepa King C. Gillette atayamba kugulitsa malezala otaya m'chaka cha 1903. Lezala silinoledwa: likabuntha, latha.

Tsono pali kusiyana kwina koposa zonsezi. Nkhwangwa timabwerekana, ndipo ndiwo ubale wa pamudzi. Koma lumo limakhudza magazi. Makolo athu ankameta banja lonse ndi lumo limodzi pa kumeta kwa maliro, ndipo mphini zinkatemedwa chimodzimodzi. Kuyambira 1985, pamene Edzi inapezeka koyamba m'Malaŵi muno, tadziŵa kuti chitsulo chokhala ndi magazi a wina chikhoza kupatsira matenda. Kachilombo ka matenda a chiŵindi otchedwa hepatitis B nkolimba koposa: kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kupitirira. Mwala ndi chikopa zimathwetsa lumo, koma sizipha kachilombo.

Chotero tikupempha makolo zinthu zitatu. Munthu aliyense pakhomo akhale ndi lezala lake. Kwa ometa kumsika, tifunse popanda manyazi kuti atsegule latsopano ife tikuona. Malezala otha ntchito tiwaponye m'chimbudzi chokumba, ana asawatole kukasongolera mapensulo kusukulu, monga aphunzitsi timaonera kaŵirikaŵiri.

Ndipo tsiku lonola likafika, muitaneni mwana akhale pambali panu. Mpatseni mpeni wakale ayambirepo, ndipo lumo adzaligwire dzanja lake litakhazikika.