Banja la Papandreou ndi Ngongole ya Dziko la Greece

Pakati pa 1944 ndi 2011, amuna atatu a banja limodzi, gogo, mwana ndi mdzukulu, anakhalapo pa udindo wa nduna yaikulu ya dziko la Greece, umene m'dzikomo ndiwo uli ndi mphamvu zoyendetsa boma. Gogoyo, Georgios Papandreou, anapambana chisankho cha 1964, koma chaka chotsatira anasemphana maganizo ndi Mfumu Constantine II, ndipo anamwalira mu 1968, asilikali amene analanda boma mu 1967 atamutsekerapo m'nyumba mwake, moti maliro ake anasanduka chionetsero cha khamu lokana ulamuliro wa mfuti.

Ulemu umenewu ndiwo unali cholowa cha mwana wake Andreas, katswiri wa zachuma wophunzira ku Harvard, amene anayambitsa chipani cha PASOK mu 1974 n'kutenga boma mu 1981. Zabwino zimene anachita n'zosatsutsika: anakhazikitsa dongosolo la zipatala za boma lofikira aliyense mu 1983, analola ukwati womangidwa kuboma popanda tchalitchi, ndiponso anavomereza mwalamulo amene anamenyana ndi asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, omwe ambiri anasalidwa kwa zaka zambiri chifukwa cha ndale zawo. Komabe mu ulamuliro wake womwewo ntchito za m'boma zinkagawidwa monga mphotho kwa okhulupirika ku chipani, chizolowezi chimene a chipani chotsutsa cha New Democracy nawonso sanachisiye atalowa m'boma, ndipo ngongole ya dziko inakwera kwambiri.

Mdzukulu George atangopambana chisankho mu Okutobala 2009, zinaululika kuti boma linkawononga ndalama zoposa kwambiri zimene linkapeza, ndipo mu Meyi 2010 anavomera ngongole ya mayuro 110 biliyoni kuchokera ku mayiko ogwiritsa ntchito ndalama ya yuro ndi bungwe la IMF, pa mgwirizano wodula malipiro ndi penshoni. Chowawa n'chakuti amene anasenza mtolowo ndi okalama ndi achinyamata amene sanadyeko, pakuti pofika 2013 anthu oposa 25 pa 100 alionse ofuna ntchito analibe ntchito. George anatula pansi udindo mu Novembala 2011, ndipo PASOK, imene inapeza mavoti pafupifupi 44 pa 100 alionse mu 2009, inalephera kufika pa 5 mu Januwale 2015. Amene anatenga boma mu 2019, Kyriakos Mitsotakis, nayenso ndi mwana wa Konstantinos Mitsotakis, nduna yaikulu ya pakati pa 1990 ndi 1993.