Nkhondo za Israel: Ghana Anachoka, Malawi Anatsala

Pamene Israel anamenyana ndi Egypt ndi Syria mu October 1973, Ghana anathetsa ubale wake ndi Israel kufikira 1994. Malawi sanatero, pakuti Israel anali atathandiza kuphunzitsa a Young Pioneers, ndipo Dr. Banda anakachezako mu 1968.

Ubalewo unaonekanso mu November 2023, pamene achinyamata 221 anapita kukalima kumeneko, nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Kwa Changata, kumene tiyi anatenga malo ambiri ndipo minda njochepa, nchito yotere njobvuta kuikana.

Chifukwa chake ofesi ya kazembe, imene Boma linatsegula ku Tel Aviv mu 2024, iyenera kuonetsetsa kuti ana athu ali kutali ndi mizinga, ndiponso kuti alandira malipiro ao onse.