Zigamba za Mafoni Zisachedwe pa Njira

Masiku ano mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma asunga zambiri m'foni yake ya m'manja: ndarama za pa Airtel Money kapena Mpamba, makalata a ku nchito, ngakhalenso zinsinsi za pa banja. Chifukwa cha ichi tiyenera kulingalira mofatsa za zigamba zimene opanga mafoni atumiza pa intaneti kuti zitseke ziboo zolowerapo mbala.

M'chaka cha 2015 munapezeka chiboo chachikulu, chotchedwa Stagefright, m'mafoni a Android okwana ngati 950 miliyoni, ndipo uthenga umodzi wokha wa kanema unali wokwanira kutsegulira mbala khomo. Kuyambira chaka chomwecho Google iri kutulutsa zigamba kawirikawiri, ndipo inayamba ndi kutero mwezi ndi mwezi. Koma chigamba sichifika kwa mwini foni tsiku lomwelo ai. Chiyamba chadzera kwa osula tizitsulo ta m'kati, kenaka kwa kampani yopanga foniyo, ndipo m'maiko ena chidzeranso kwa kampani ya mauthenga. Pali ponse pamene chaima chitaya masabata kapena miyezi, ndipo foni yotsika mtengo ndiyo itsalira ku mapeto a mzere. Choopsa nchakuti chigamba chikangolengezedwa, nazo mbala zadziwa pamene pali chiboocho.

Sikuchedwa kokha ai. M'chaka cha 2018 akatswiri awiri a ku Berlin, a Karsten Nohl ndi a Jakob Lell, atayesa mafoni 1,200, anapeza kuti ena anali kuonetsa ngati alandira zigamba zonse pamene zina munalibe.

Tibvomereza kuti zinthu ziri kusintha. Google inalonjeza kusamala Pixel 8 zaka 7 kuyambira 2023, ndipo Samsung inalonjeza chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024. Ku maiko a European Union, kuyambira pa 20 June 2025, lamulo liti zigamba zipitirire zaka zosachepera 5 mtundu wa foni utaleka kugulitsidwa. Koma awa ndi mafoni a anthu olemera, ndipo lamulolo nla eni ake. Ambiri a ife tigula mafoni otsika mtengo kapena ogwirapo kale nchito, amene mwina eni kupanga anawaiwala kale.

Tsono tipempha a MACRA, amene ali ndi udindo wobvomereza zipangizo za mauthenga zolowa m'dziko muno, kuti alingalire zouza oitanitsa mafoni kulemba poyera chaka chimene zigamba zidzalekeke. Nawo maofesi a Boma afunse funso lomweli asanagule.

Ndipo inu awerengi, tsegulani Settings lero, muone tsiku la chigamba chomaliza. Ngati papita chaka chathunthu, musasungemo ndarama zambiri. Pogula ina, musangofunsa za kamera ndi mtengo. Funsaninso kuti idzasamalidwa kufikira liti. Akulu akale anati safunsa anadya phula.