ZA PAKHOMO PATHU: Mphaka Wokanda Chitseko M'bandakucha

Mwezi uno tikambirane nkhani imene ingaoneke yochepa, koma imene yasowetsa tulo mabanja ambiri, ndipo pena yakanganitsa bambo ndi mayi dzuwa lisanatuluke. Nkhaniyi ndi ya mphaka, amene anzathu ena amamutcha chona kapena pusi.

Pakhomo pathu tinaweta mphaka chifukwa cha makoswe amene anali kuboola matumba a chimanga. Ntchito yake anaigwira mokhulupirika, kotero kuti tonse tinamukonda. Koma patapita miyezi ingapo anayamba khalidwe lachilendo. Cha m'ma 4 koloko m'mawa, tulo tili pakati, tinkangomva kwee! kwee! pa chitseko cha kuchipinda, kenaka kulira kosalekeza. Bambo ankadzuka ndi kumupirikitsa ndi tsache. Mayi, pogwidwa chisoni, ankamutsegulira ndi kumuponyera usipa. Ana, akakanda kuchipinda kwawo, ankamulowetsa m'bulangeti mwakachetechete. Aliyense ankati njira yake ndiyo yabwino, komabe kukandako kunangokulirakulira. Utoto wa chitseko unasupuka, ana anayamba kuodzera m'kalasi, ndipo tsiku lina panamveka mawu akuti mphakayo aikidwe m'thumba akatayidwe kudambo. Apo ndi pamene tinakhala pansi kuti tiifufuze bwino nkhaniyi.

Akale anati galu wamkota sakandira pachabe. Mphaka nayenso sakandira pachabe, ndipo amene afuna kumuletsa ayambe wadziwa zifukwa zake.

Choyamba ndi chibadwa. Mphaka wa pakhomo ndi mdzukulu wa vumbwe, mphaka wakuthengo wa mu Africa ndi ku Middle East. Akatswiri amati anayamba kukhala ndi anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, pamene anthu anayamba kulima ndi kusunga dzinthu, mbewa ndi makoswe n'kumadzazana m'nkhokwe. M'chaka cha 2004 ofukula zakale analengeza kuti pa chilumba cha Cyprus anapeza manda a zaka 9,500, m'mene munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Ngakhale wakhala nafe nthawi yonseyi, mphaka sanataye wotchi ya makolo ake. Amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, makamaka masana, ndipo mphamvu zake zimadza chisisira ndi m'bandakucha, nthawi imene tinyama timene amasaka timatuluka. Tsono pamene ife tati kukadali usiku, kwa iye kwacha kale ndipo ndi nthawi ya chakudya. Tinene poyera kuti palibe za ufiti pamenepa. Amphaka ambiri aphedwa popanda mlandu chifukwa chakuti anthu anaona chibadwa cha nyama nachiyesa malodza.

Chachiwiri, kukanda ndi chosowa cha thupi lake. Zikhadabo za mphaka zimafundula, ndipo pokanda amachotsa khungwa lakale kuti chikhadabo chatsopano chionekere. Amaongolanso msana ndi mapewa akangodzuka, ndiponso amasiya fungo la kumapazi kwake monga chizindikiro chakuti pano ndi pake. Chotero kumuletseratu kukanda n'kosatheka. Chotheka ndi kumusonyeza pokanda.

Chachitatu ndicho chinatichititsa manyazi, popeza chinaloza ife eni. M'chaka cha 1898 Edward Thorndike, wophunzira pa Columbia University ku New York, analemba za mayeso amene anachita ndi amphaka. Ankatsekera mphaka wanjala m'bokosi, chakudya n'kuchiika panja. Bokosilo linali ndi kachingwe kapena kamtengo kamene, kakakhudzidwa, chitseko chinkatseguka. Poyamba mphaka ankangokanda paliponse mosokonezeka, kufikira atakhudza kachingweko mwangozi. Koma akamubwezeramo kachiwiri, kachitatu, kakhumi, nthawi yotulukira inkacheperachepera, mpaka ankangofikira pa kachingwe pomwepo. Thorndike anaona kuti nyama imabwereza chilichonse chimene chaibweretsera zabwino, ndi kusiya pang'onopang'ono chimene sichiipindulira kanthu.

Chitseko chathu chinali bokosi lomwelo, ndipo aphunzitsi tinali ife. Usipa wa mayi unali malipiro. Bulangeti la ana linali malipiro. Ngakhale tsache la bambo linali malipiro, pakuti kwa mphaka wosungulumwa usiku wonse, munthu wodzuka ndi kumuthamangitsa ndi mnzake wosewera naye. Choipa koposa chinali chakuti masiku ena tinkapirira, masiku ena tinkagonja. Pambuyo pa Thorndike, katswiri wina, B. F. Skinner, anasonyeza ndi makoswe ndi nkhunda kuti khalidwe lolipidwa mwa apo ndi apo ndilo lovuta kwambiri kulithetsa. Msodzi amene amakola nsomba tsiku limodzi mwa asanu sataya mbedza yake. Tikapirira mphindi makumi awiri kenaka n'kutsegula, tinali kumuphunzitsa mphakayo kuti mtengo wa chitseko ndi mphindi makumi awiri za kukanda.

Nanga tinachitanji? Tinayamba ndi madzulo, osati m'mawa. Chizolowezi cha mphaka ndi kusaka, kudya, kudzinyambita, kenaka kugona. Motero ana anapatsidwa ntchito yosewera naye mphindi 10 kapena 15 asanakagone, pomukokera nthenga ya nkhuku yomangidwa ku chingwe kuti aithamangitse ndi kuimbwandira mpaka atatopa. Pambuyo pake ankalandira chakudya chake chachikulu cha tsikulo. Chingwecho tinkachibisa masewera akatha, pakuti mphaka akameza ulusi matumbo amavulala.

Chakudya cha m'mawa tinachisuntha. Kale ankadya munthu akangotsegula chitseko, ndipo ankadziwa kuti kudzutsa munthu ndiko kuitanitsa mbale. Tsopano amadya tikasamba, tikasesa ndiponso phala likapsa, kotero kuti kudzuka kwathu sikumulonjeza kanthu.

Tinamukonzeranso pogona kukhitchini, kutali ndi zipinda, pamodzi ndi madzi akumwa ndi bokosi la mchenga lodzithandiziramo. Pafupi ndi pogonapo tinaimika chipika chokulungidwa ndi chingwe cha khonje, chachitali moti angathe kudziongola ataimirira, ndiponso chokhazikika, chifukwa chipika chogwedera mphaka sachikhulupirira. Kumunsi kwa chitseko tinakhomako pulasitiki yokhuthala yoterera, imene zikhadabo sizigwira.

Chotsiriza chinali chovuta koposa zonse: kukhala chete. Tinapangana kuti akakanda pasapezeke wotsegula, wokalipa, ngakhale wotsokomola dala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito iyi munthu mmodzi wogonja amagwetsa denga la onse. Tikuchenjezeni, awerengi, kuti masiku oyamba zinthu zimaipa zisanakome. Mphaka akaona kuti njira yake yakale yaleka kugwira ntchito, amakanda mwamphamvu ndi kulira mokweza kuposa kale. Ambiri amagonjera pamenepa nanena kuti njirayi ndi yachabe, chikhalirecho ndi pamene yayamba kugwira. Kwathu usiku wachitatu unali wowawa, ndipo mayi anachita kugwira dzanja la bambo kuti asafike pa tsache, bambonso n'kukumbutsa mayi kuti usipa ukhale m'mbale mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yachiwiri isanathe, tinadzutsidwa ndi tambala monga kale.

Pali zina zoyenera kupewa. Musamumenye kapena kumuthira madzi, pakuti saphunzira kuti chitseko n'choletsedwa koma kuti inu ndinu woopsa, ndipo mphaka wamantha amaluma. Kudula nsonga za zikhadabo mosamala n'kololeka, koma kuzichotseratu ndi nkhanza, popeza kumatanthauza kudula fupa lomaliza la chala chilichonse. Ku Britain mchitidwewu ndi woletsedwa, ndipo dera la New York linauletsanso m'chaka cha 2019. Dziwaninso kuti si kulira konse kumene kuli chizolowezi. Mphaka wamkazi akakhala pa nyengo yofuna wamwamuna amalira usiku ndi kukanda zitseko kuti atuluke, ndipo mankhwala ake ndi kumutseketsa kwa dokotala wa ziweto, wamwamunayo n'kumufula. Mphaka wokalamba amene kale anali wachete, akayamba mwadzidzidzi kulira usiku, kuonda, kapena kumwa madzi kwambiri, angakhale akudwala impso kapena chithokomiro. Ameneyo musamunyalanyaze, pitani naye kwa dokotala, ndipo pa ulendo womwewo abayidwe katemera wa chiwewe.

Mphaka wathu akadalipo, makoswe kulibe, ndipo thumba lija tinathiramo mtedza. Tikakumbuka masiku aja timaseka, koma timadziwa kuti wosokonezeka sanali mphaka. Nyumba imodzi inali ndi malamulo atatu, ndipo kanyamako kanangosankha lokakomera. Makolo amene ali ndi mwana wodziwa kuti chimene akana bambo akachipeza kwa mayi, aiganizire nkhaniyi mofatsa. Inunso achinyamata, ntchito ya nthenga ndi chingwe ija ndi yanu, ndipo muigwire madzulo alionse osadumphitsa.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asachiononge. Tsalani bwino, ndipo mugone tulo tabwino.