Fodya wa ku Kasungu ndi nkhondo ya ku Mozambique

Ku Kasungu sikudamveke mfuti pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Malire omwe bomali lili nawo ndi a Zambia. Komabe nkhondoyo idafika mpaka m'zigafa. Belo la fodya likagulidwa ku okushoni ya ku Kanengo limafunika kukafika kudoko, ndipo njira zathu zinali njanji ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Pomatha 1984 zonse zinali zitadulidwa. Fodya adayamba kuzungulira pamalole mpaka ku Durban, feteleza n'kumadzera komweko, mtengo wake utakwera kale asanafike kumunda.

Aliyense wofuna kumvetsa zomwe boma la Dr. Kamuzu Banda lidachita ayambire pamenepa. Kamuzu anali mwana wa ku Kasungu konkuno, ndipo kampani yake ya Press inali ndi maesiteti akuluakulu a fodya m'bomali. Kutsekeka kwa njanji kudamukhudza ngati mtsogoleri komanso ngati mlimi.

Atsogoleri anzake sankamukhulupirira. Anali pa ubale ndi boma la tsankho la ku South Africa kuyambira 1967, ndipo ku Maputo ankati Renamo imabisala m'Malawi, zomwe iye ankakana. Mu September 1986 Samora Machel wa ku Mozambique, Kenneth Kaunda wa ku Zambia ndi Robert Mugabe wa ku Zimbabwe adabwera ku Blantyre kudzamuuza maso ndi maso. Atabwerera kwawo, Machel adaopseza zotseka malire ndi kutcherako mizinga. Mwezi wotsatira adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu December Malawi ndi Mozambique adasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali athu adapita kukalondera njanji ya Nacala. Ena adafera komweko. Ndimakayika ngati pangano lija lidabadwa ndi chikondi. Lidabadwa chifukwa dziko lopanda doko silingadane ndi mwini njira.

Nkhani ya othawa nkhondo ndi yomwe timanyadira, ndipo mpake. Dziko la anthu pafupifupi 8 miliyoni lidasunga alendo oposa 1 miliyoni pofika 1992. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Koma ulemuwo tisamaupereke wonse kwa boma. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, komwe msewu ndiwo malire, wothawa ku Angonia ankafikira kwa malume ake kapena kwa apongozi, nyakwawa n'kumuloza pomanga. Chimanga cha thandizo ndi mabungwe monga UNHCR zidapeza anthu atalandirana kale. Nkhuni zidatha m'mapiri, zipatala zidadzaza, koma anthu sadathamangitsane.

Lamulo lidabwera mochedwa, ndipo lidabwera lopanikiza. Povomereza pangano la maiko la 1951 la othawa kwawo, mu 1987, Malawi idakana kudzimanga pa ufulu wawo wogwira ntchito ndi wokhala pomwe afuna. Lamulo la 1989 silidamasule zimenezi. Nthawi imeneyo sizinkaoneka, popeza mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ambiri adabwerera kwawo wapansi.

Zidadzaoneka pambuyo pake, pa alendo opanda abale kuno. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, womwe kale unali ndende ya akaidi a ndale, udatsegulidwa mu 1994 ndipo lero muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu May 2023 apolisi adagwira othawa kwawo omwe ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera kumsasako, potsata zomwe dziko lidalemba mu 1987.